CITOFU CA NKHUNI M'NYUMBA

M'caka ca 2024, pamene mvula inacepa ndipo madzi anatsika m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maora ambiri tsiku ndi tsiku ku Lusaka, ku Kitwe, ku Ndola ndi m'mizinda yina. Mabanja ambiri anabwerera ku mbaula, ndipo ena anakumbukira citofu ca nkhuni, cija ca citsulo cakuda cochedwa Dover, cimene makolo anaphikirapo nsima ndi kuochamo mkate.

Citofu cotere cipambana mafuwa ndi mbaula pa cinthu cimodzi cacikuru: utsi wace uturukira kunja. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu ngati 3,200,000 pa dziko lonse anafa ndi nthenda zobwera ndi utsi wa m'nyumba. Koma walira mvula walira matope. Citofu coikidwa mosasamala cikhoza kutentha nyumba, kapena kupha banja lonse liri m'tulo.

Coyamba ndico malo. Munthu wokhala m'nyumba ya mgodi, ya kanselo kapena ya lendi ayambe wapempha cilolezo kwa eni ace asanaboole denga. Citofu ciime pa simenti kapena pa njerwa, osati pa matabwa ai, ndipo simentiyo ipitirire masentimita 45 kutsogolo kwa khomo la moto, kuti makala akagwa asapeze coyatsa. Kucokera pa citofu kufika pa kabati, nsaru za pa zenera kapena khoma la matabwa pakhale danga la masentimita 90. Ciime cowongoka bwino, cifukwa citofu copendekeka citaya msuzi ndi kupsereza mkate mbali imodzi.

Caciwiri ndico cumuni, pakuti ndico cikoka moto. Utsi wotentha upepuka nukwera, ndipo pokwerapo ukoka mphepo yatsopano kulowa pansi pa nkhuni. Cifukwa cace paipi ikhale ya cibowo cofanana ndi ca pa citofu, ikwere cowongoka, yopanda makhota ambiri. Iturukire masentimita 90 pamwamba pa malata, ndipo ngati iri pafupi ndi msonga ya denga iipitirire ndi masentimita 60. Pa nsonga pace pakhale kacisoti kochinga mvula. Malo oopsa ndi paja paipi ipyola denga: isakhudze phaso kapena mtanda, cifukwa mtengo wotenthedwa tsiku ndi tsiku uuma kufikira tsiku lina ungoyaka wokha. Nchito imeneyi ndi ya mmisiri woidziwa. Pa denga la udzu ngoziyo ikula koposa.

Cacitatu ndizo nkhuni. Mtengo wauwisi, pafupi theka la kulemera kwace ndi madzi, ndipo moto utayika pouma madziwo m'malo mwa kuwiritsa mphika. Nkhuni ziwazidwe, zisanjikidwe pa malo opita mphepo osafika mvula, ziume miyezi 6 kapena kuposa. Zouma zing'ambika kumapeto ndi kulira mbee zikagundana. Zaziwisi zicita thobvu pa moto. Mitengo yolimba monga mombo, mtondo ndi tsanya isunga moto nthawi yaitari, koma kudula mitengo m'nkhalango za boma kufuna cilolezo. Matabwa opaka utoto, mitengo yoviikidwa m'mankhwala a ciswe, mitengo yakale ya pa njanje, mataya ndi mapulasitiki zisalowe m'citofu, pakuti utsi wace ndi ululu.

Poyatsa, mai wa pa nyumba atsegule khomo la mphepo ndi kacitsulo ka pa njira ya utsi, ayambe ndi tinkhuni tating'ono, ndipo zazikuru zidze pambuyo. Parafini ndi petulo ziri zoletsedwa. Moto ukagwira, akankhe kacitsulo kaja. Pamenepo kutentha kuzungulira uvuni kusanalowe m'cumuni, ndipo mkate upsa. Citofu catsopano cizolowezedwe ndi moto waung'ono masiku oyamba, ndipo cikatentha cisathiridwe madzi ozizira, cifukwa citsulo cace cing'aluka.

Phulusa liwoledwe m'mawa muli monse, liikidwe m'ndowa ya citsulo kunja, popeza khala likhoza kubisala m'phulusa masiku angapo. Mwaye upalidwe kuzungulira uvuni kawiri kawiri, ndipo cumuni cisesedwe nyengo yozizira isanafike. Mwaye ndi phula lakuda la utsi zikacuruka m'paipi zigwira moto. Zikatero, atseke makomo onse a citofu, aturutse ana, ndi kuitana ozima moto.

Cotsiriza ndico cacikuru. Moto wosowa mphepo ubala mpweya wochedwa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha. M'miyezi ya June ndi July, pamene anthu atseka mazenera onse cifukwa ca kuzizira, ndipo pamene mpweyawu upha anthu. Zizindikiro zace ndizo mutu, cizungulire, mseru ndi kufooka, makamaka zikagwira anthu angapo nthawi imodzi. Wodwala aturutsidwe kunja msanga ndi kumtengera ku cipatala. Cotero m'cipinda ca citofu mukhale polowera mphepo usiku ndi usana, ndipo makala a moto asatapidwe m'citofu kukaotha ku cipinda cogona. Bambo wobwera ku nchito ya usiku apeze nyumba yofunda, ndi ana ace onse ali moyo.