MENDULO ZA AGOGO: KUFUFUZA MBIRI YA ABALE AMENE ANAOLOKA NYANJA PA NKHONDO

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za kanthu kamene kapezeka m'nyumba zina pansi pa bokosi la citsulo, kokulungidwa m'kansalu pamodzi ndi citupa cakale. Kanthuko ndi mendulo ya nkhondo. Mukafunsa eni nyumba kuti mendulo iyi inadza bwanji, iwo angoti, "Ndi ya agogo athu, anaoloka nyanja pa nkhondo ya Hitler." Zina zonse sazidziwa. Koma mbiri ya munthu wotere ingathe kupezeka, ngati wofufuza ayamba ndi funso loyenera.

Funso lake ndi ili: kodi agogowo anali msilikari wonyamulidwa m'combo, kapena anali mmodzi wa amalinyero ogwira nchito m'combomo? Anthu awiri awa anayenda panyanja imodzi naopa imfa imodzi, koma maina ao analembedwa m'mabuku osiyana, ndipo mabukuwo asungidwa m'nyumba zosiyana.

Amalinyero amene ndikunenawa sanali asilikari ai. Anali anthu a nchito olembedwa ndi makampani a zombo za malonda: osonkhezera moto wa malasha, ophika, okolopa ndi osamala zingwe. Dziko lathu lilibe nyanja ya mcere, komabe nchito yao inatikhudza. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 mkuwa wa ku Migodi unali kudutsa pa ulalo wa njanji wa pa Kafue, umene unamangidwa mu 1906, kunka ku doko la Beira, ndipo kumeneko zombo za malonda ndizo zinali kuutenga kupita nao ku Britain. Njanji yomweyo inatenga anyamata athu ofuna nchito kum'mwera, ndipo mnyamata wofika ku Beira, ku Durban kapena ku Cape Town anali atafika pakhomo pa zombo. Nchitoyo inali yoopsa, pakuti sitima zoyenda pansi pa madzi za Ajeremani ndi Ajapani zinali kusaka zombo zimenezi usana ndi usiku, kotero kuti amalinyero oposa 30,000 a zombo za Britain anafa. Kufikira caka ca 1941, malipiro a munthu anali kuleka pa tsiku limene combo cake camira, ngakhale iye akali kuyandama m'kabwato kuyembekeza cipulumutso.

Koma unyinji wa anthu athu amene anaoloka nyanja anali asilikari a Northern Rhodesia Regiment, ndipo anzathu a ku Nyasaland anali a King's African Rifles. Asilikari athu anamenya nkhondo ku Tug Argan m'dziko la Somaliland mu August 1940, ndiponso ku Burma mu 1944. Ndico cifukwa cake makampu a asilikari m'dziko muno achedwa Tug Argan ndi Kalewa ku Ndola, Chindwin ku Kabwe ndi Arakan ku Lusaka.

Kuti muone kusiyana kumene ndikunena, imvani za combo cochedwa Khedive Ismail. Ico cinanyamuka ku Mombasa mu February 1944 kunka ku Colombo, citatenga asilikari a mizinga a ku East Africa. Pa 12 February sitima ya Ajapani inaciphulitsa pafupi ndi zisumbu za Maldives, ndipo cinamira m'mphindi zocepa. Anthu pafupifupi 1,300 anafa, opulumuka anangopitirira pang'ono 200. Onsewo anamira pamodzi, koma maina a asilikari aja alembedwa pa cikumbutso ca East Africa Memorial ku Nairobi, pamene amalinyero a zombo za Britain amene alibe manda akumbukidwa pa cikumbutso ca Tower Hill ku London. Pa Tower Hill pali maina pafupifupi 24,000 a nkhondo imeneyi, ndipo andandalikidwa potsata dzina la combo. Wofuna msilikari ku London, kapena wa m'combo ku Nairobi, adzabwerako cimanjamanja.

Tsono tiyambire kuti? Yambirani panyumba. Safunsa anadya phula. Pitani kwa azakhali ndi amalume amene akali moyo, mufunse maina onse amene agogowo anali kudziwika nao, pakuti makalaliki anali kulemba dzina monga analimvera, ndipo munthu anali kutha kulembetsa nchito ndi dzina losiyana ndi la kumudzi. Funsani doko limene anali kulichula, caka cimene anacoka ndi cimene anabwerera, koma koposa zonse dzina la combo. Funani m'bokosi kabuku kochedwa Continuous Certificate of Discharge, kamene amalinyero anali kunyamula. M'menemo muli nambala ya munthu ndi maina a zombo zimene anagwiramo. Mukapeza nambala ndi dzina la combo, mwatsiriza theka la ulendo.

Caciwiri, yang'anitsitsani menduloyo. Mendulo za nkhondo ya 1914 mpaka 1918 zili ndi dzina la mwini wake lodindidwapo. Imodzi ya izo, Mercantile Marine War Medal, inali ya amalinyero a zombo za malonda, ndipo kansalu kake nkobiriwira ndi kofiira, ndi mzera woyera pakati, monga nyale za combo usiku. Koma mendulo za nkhondo yaciwiri zimene Britain anapereka zinalibe dzina. Za South Africa zinadindidwa dzina. Pamenepo kansalu ndiko kadzakuuzani kumene munthu anayenda. Atlantic Star ili ndi mitundu ya nyanja, wabuluu, woyera ndi wobiriwira, ndipo inali ya amene anatha miyezi 6 pa nyanja ya Atlantic. Africa Star ili ndi mtundu wa mcenga ndi mzera wofiira pakati. Burma Star ili ndi wabuluu, wofiira ndi timizera ta mtundu wa lalanje. War Medal inapatsidwa kwa amene anatumikira masiku 28.

Cacitatu, mabuku a Boma. Makalata a amalinyero a zombo za Britain asungidwa ku National Archives ya ku Kew mu London, ndipo aikidwa m'magulu okhala ndi manambala. Gulu la BT 395 lisonyeza mendulo zimene zinaperekedwa pa nkhondo yaciwiri, pamodzi ndi dzina, nambala ya kabuku ndi kumene munthu anabadwira; limeneli mwana wanu wodziwa intaneti angathe kulifufuza ali pa Kafue pomwe pano. Gulu la BT 351 ndi la nkhondo yoyamba. BT 382 lindandalika zombo zimene munthu anagwiramo kuyambira 1941, ndipo BT 381 lisunga maina a anchito a combo ciliconse pa nkhondoyo. Dziwaninso ici: amalinyero sanali kulandira mendulo popanda kupempha. Cotero dzina likasowa m'buku la mendulo, sikuti munthuyo sanatumikire. Kapena anabwerera kumudzi osapempha. Wacibale wapafupi angathe kupempha mendulo zotere ku Registry of Shipping and Seamen ku Cardiff, malinga ngati asonyeza umboni wa zombo ndi masiku ake.

Ngati agogowo anali msilikari, njira yanu iyambira pafupi. Kucokera ku Kafue kufika ku Lusaka ndi makilomita ngati 45, ndipo kumeneko kuli National Archives of Zambia, kumene kusungidwa makalata a Boma lakale ndi mabuku a maboma a m'midzi. Tengani nambala ya msilikariyo, dzina la mudzi ndi la mfumu yake. Ngati munthuyo anafera kunkhondo, funani dzina lake m'kaundula wa bungwe la Commonwealth War Graves Commission, amenenso ali pa intaneti.

Pano ndiyenera kukuuzani cinthu cowawa. Mu April 2021 bungwe lomweli linavomera poyera kuti anthu osacepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukidwe ndi dzina monga anacitira ndi Azungu, ndi kuti ciwerengeroco cingafike 350,000. Pakati pa iwo pali amtengatenga amene anasenza katundu wa nkhondo pamutu. Ici citiphunzitsa kuti pena banja ndilo lokha losunga dzina la munthu, ndipo banja likaiwala, palibenso buku lomkumbuka.

Potsiriza, mau a cenjezo. Musagulitse mendulo kwa ogula zitsulo, ndipo musaitsuke ndi mcenga kapena phulusa, kuopa kufuta zolembedwapo. Kabuku ndi makalata musapatse munthu. Ajambuleni, mupereke cithunzi cabe. Cenjerani ndi aliyense wokulonjezani ndalama za nkhondo atayamba walandira zanu. Ndipo musataye mtima yankho likacedwa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Zonse zimene mwapeza zilembeni m'kope limodzi, ndi kuwerengera ana pamene akulu akali pomwepo kuti akonze polakwa. Mabuku a ku London ndi a ku Lusaka adzakhalapobe caka ca mawa, koma azakhali odziwa dzina la combo afunika kuwaona mwezi uno.