Tauni Yathu Inayambira ku Old Drift

Ambiri a ife timadutsa pa Livingstone Museum, mu msewu wa Mosi-oa-Tunya, pafupifupi tsiku lililonse, koma tinalowamo komaliza tili ana a sukulu. Nyumba imeneyi inakhazikitsidwa mu 1934, ndipo imasunga makalata a David Livingstone komanso mbiri ya tauni yathu ino.

Tauniyi sinayambire pano tili. Azungu oyamba, monga wamalonda F. J. Clarke amene anafika mu 1898, anamanga ku Old Drift, pa dooko la Zambezi kumtunda kwa mathithi. Malungo anawatha kumeneko. Mlatho utatha mu 1905, anthu anasamukira kuno kumtunda, ndipo manda a ku Old Drift ali m'kati mwa paki tsopano, njovu zikudutsa pambali.

Koma ndani ankapalasa mabwato pa dookolo? Ndani ankacheka matabwa ku Zambezi Sawmills, kapena kuphikira mabwana pamene Livingstone linali likulu la dziko, kuyambira 1911 mpaka 1935? Ena mwa iwo anali agogo athu, ochokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland. Mayina awo ambiri sanalembedwe paliponse.

Ifenso takwanitsa zaka 50, ndipo amene anaumba njerwa za tchalitchi chino atsala owerengeka. Tikupempha banja lililonse, kaya ku Maramba, Libuyu kapena Dambwa, libweretse kwa mlembi wa mpingo zithunzi zakale ndi makadi a ubatizo chiswe chisanadye. Achinyamata, kakhaleni pansi ndi agogo mwezi uno, mulembe zimene anena.