Alembi a pa Chancellor College ndi Luso la Pamtondo

Mayi wa kumudzi akakhala ndi chodandaula, sapita kukaima pakhomo pa apongozi ake ndi kuwatchula dzina. Amatenga mtondo ndi munsi nayamba kusinja, ndipo pamene munsi ukugunda, iye amaimba. Nyimbo yake imanena za mbalame, kapena za mlendo wosatchulidwa dzina, koma mudzi wonse umadziwa amene akunenedwa. Wonenedwayo nayenso amamva, koma amasowa pogwira, pakuti ndani angazenge munthu mlandu chifukwa choimba pamtondo? Omvera a m'maboma onse akulidziwa bwino luso limeneli. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti luso lomweli ndilo lidasunga mau a anthu ena ophunzira kwambiri m'dziko muno pa nthawi imene kulankhula poyera kudali koopsa. Nkhani ya lero ikunena za ophunzira ndi aphunzitsi a pa Chancellor College amene adadzipereka kulemba ndakatulo, nthano ndi masewero.

Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965, patangopita chaka chimodzi dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Chancellor College idayambira ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo idasamukira ku Chirunga, m'munsi mwa phiri la Zomba, mu 1973. Sikuti Amalawi adayamba kulemba mabuku pa nthawi imeneyi ai. Samuel Nthara adali atalemba kale buku lake la Nthondo m'zaka za m'ma 1930, ndipo maina a David Rubadiri ndi Legson Kayira adali atamveka kale m'maiko ena. Koma pofika chaka cha 1970 awiriwa adali kunja kwa dziko. Motero mnyamata amene adafika pakoleji ali ndi ndakatulo zake m'kope adalibe mkulu wapafupi woti amuonetse njira.

Chifukwa cha kusowa kumeneku, mu 1970 ophunzira ena pamodzi ndi aphunzitsi awo adayambitsa gulu lotchedwa Writers Group. Mwa ophunzira a zaka zoyambirirazo mudali Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. Mwa aphunzitsi mudali Felix Mnthali, David Kerr ndi Landeg White. Pambuyo pake adalowamo Steve Chimombo, Anthony Nazombe, Ken Lipenga ndi ena ambiri. Gululi linkakumana kamodzi pa sabata. Amene walemba kanthu ankapereka cholemba chake kuti chichulukitsidwe pa makina opukusa ndi dzanja, kuti aliyense akhale ndi pepala lake. Tsono cholembacho chinkawerengedwa mokweza, ndipo anzake ankachisenda ngati chinangwa, kuonetsa pamene pakoma, pamene mau achuluka mopanda ntchito, ndiponso pamene mlembi wangotengera kalembedwe ka munthu wina.

Kudzudzulidwa pagulu si chinthu chokoma, makamaka kwa munthu amene wachezera usiku wonse pa mizere khumi. Koma akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. M'chipinda chimenecho wophunzira wa chaka choyamba ankatha kufunsa mphunzitsi wake chimene ndakatulo yake ikutanthauza, ndipo mphunzitsiyo ankayenera kuyankha monga mlembi mnzake. M'kalasi mudali wamkulu ndi wamng'ono, koma pagulupo chimene chinkaweruzidwa ndi cholemba, osati udindo wa mwini wake. Apa ndi pamene padagona mphamvu yoyamba ya gululi.

Zipatso sizidachedwe kuoneka. Mu 1971 lidatuluka kabuku kotchedwa Mau, momwe mudali ndakatulo 39. Padalinso magazini ya Odi, imene inkasindikiza zolemba za m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndi kapepala ka The Muse. Mu 1976 mphunzitsi wina, James Gibbs, adasonkhanitsa masewero asanu ndi anayi a Amalawi m'buku lotchedwa Nine Malawian Plays, limene lidasindikizidwa ndi a Popular Publications ku Limbe. Ken Lipenga adatulutsa nthano zake zazifupi mu 1981 m'buku la Waiting for a Turn. Ana a sukulu adayamba kuwerenga mabuku a Chingerezi onena za mapiri, misika ndi mabasi amene iwo eni ankawadziwa.

Komabe nyengo imene alembiwa ankagwiriramo ntchito idali yovuta. Kuyambira mu 1966 Malawi lidali dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala Pulezidenti wamuyaya. Mu 1968 kudakhazikitsidwa lamulo lopatsa mphamvu bungwe la Censorship Board kuti liziunika mabuku, mafilimu ndi masewero. Sewero silinkaonetsedwa poyera bungwelo lisanaliwerenge ndi kulivomereza. Boma lidalinso ndi mphamvu yotsekera munthu m'ndende popanda kumuzenga mlandu. Pakoleji pomwepo anthu ankadziwa kuti pakati pawo pangakhale makutu a boma. Mlembi woona zinthu zikulakwika adali ndi njira zitatu: kukhala chete, kuimba nyimbo zotamanda, kapena kupeza kanenedwe koti choonadi chimveke koma mwini wake asagwidwe nacho.

Njira yachitatuyi adakaipeza kumudzi. Steve Chimombo adatenga Napolo, chinjoka chija chimene makolo amati chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Anthu a ku Zomba adali asanaiwale za Napolo amene adadutsa m'tauni yawo mu Disembala 1946. Munthu wounika mabuku akawerenga ndakatulo za Napolo ankaona mvula, matope ndi miyala. Koma wowerenga wochenjera ankaonamo mphamvu imene imabwera mosayembekezeka, kutenga anthu, n'kusiya otsala akuopa ngakhale kufunsa. Chimombo yemweyo adalemba sewero la The Rainmaker, limene lidasindikizidwa mu 1978, lonena za Mbona, mvumbitsi wa mvula amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Mbiri ya Mbona ndi ya munthu wokhala ndi mphatso amene adasakidwa ndi kuphedwa ndi anthu amphamvu, ndipo oonera sankasowa wina wowamasulira.

Jack Mapanje adasankha nanzikambe, kanyama koyenda pang'onopang'ono kamene kamasintha maonekedwe kuti kapulumuke, kamenenso nthano za makolo zimati Chauta adakatuma ndi uthenga kwa anthu. Buku lake loyamba, Of Chameleons and Gods, lidasindikizidwa ku London mu 1981. Iye adalembanso za dzenje la Chingwe pa phiri la Zomba, m'mene anthu amati kale ankaponyamo anzawo osafunika. Felix Mnthali adatchula buku lake dzina la Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phiri la Mulanje. Kubwerera kumudziku sikudali kongofuna pobisala pokha. Alembiwa ankafufuza nthano, miyambi, zilapi ndi nyimbo za makolo monga phunziro lenileni. Pakolejipo padali magazini ya Kalulu, yosunga zolankhula ndi zoimba za makolo, ndipo mu 1983 Mapanje ndi Landeg White adatulutsa buku la ndakatulo zapakamwa za mu Africa. Adaona kuti anthu a kumudzi akhala akudzudzula mafumu kuyambira kalekale kudzera m'nyimbo ndi m'mikuluwiko, ndipo mfumu yanzeru inkamvetsera.

Koma atsogoleri a nthawi imeneyo sadali ngati mfumu yanzeru ija, ndipo kuphiphiritsa sikudateteze onse. Landeg White adathamangitsidwa m'dziko mu 1972. Frank Chipasula adachoka nakatsiriza maphunziro ake ku Yunivesite ya Zambia, kenaka adapita ku America. Felix Mnthali adatsekeredwa m'ndende pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo pambuyo pake adakaphunzitsa ku Botswana. Lupenga Mphande nayenso adakakhala ku America. Mu 1985 buku la Mapanje lidachotsedwa m'masitolo a mabuku, m'malaibulale ndi m'masukulu. Pa 25 Seputembala 1987, ali mkulu wa gawo lophunzitsa Chingerezi pakolejipo, adagwidwa ku Zomba natsekeredwa m'ndende ya Mikuyu. Adakhalamo zaka 3 ndi miyezi 7 osazengedwa mlandu, kufikira mu Meyi 1991, pamene adamasulidwa mabungwe a Amnesty International ndi PEN pamodzi ndi alembi a m'maiko ambiri atamulirira kwa nthawi yaitali. Kunyumba adasiya mkazi ndi ana. Umenewu ndiwo udali mtengo wa ndakatulo m'masiku amenewo.

Ku Mikuyu mkaidi sankaloledwa kukhala ndi pepala ndi cholembera mwaufulu, choncho Mapanje ankapeka ndakatulo zambiri m'mutu ndi kuzisunga pamtima. Munthu wa digiri ya udokotala ya ku London adabwerera ku njira ya agogo ake, amene ankasunga mbiri ya fuko lonse popanda buku. Zina mwa ndakatulozo zidatuluka mu 1993 m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. Enanso adatsala m'dziko napitiriza ntchito mwakachetechete. Anthony Nazombe adasonkhanitsa ndakatulo za alembi ambiri m'buku la The Haunting Wind mu 1990, ndipo Steve Chimombo adaphunzitsabe ku Zomba kwa zaka zambiri, napitiriza kulemba kufikira imfa yake mu 2015.

Pamene alembi amenewa akulemekezedwa, pali chinthu china choyenera kunenedwa mosabisa. Zambiri mwa zolemba zawo zidali m'Chingerezi. Zifukwa zake zidalipo. Mu 1968 chipani cholamula chidasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo ziyankhulo zina monga Chitumbuka zidachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu. Pagulu la alembi padali Atumbuka, Ayao, Alomwe, Achewa ndi ena, ndipo Chingerezi chidali bwalo lokumanirapo onse popanda wina kudziona ngati mlendo. Osindikiza mabuku a ku London ankafunanso Chingerezi. Koma zotsatira zake zidali zakuti mayi uja wa pamtondo, amene adabwereketsa luso lake, sakadatha kuwerenga chimene chidapangidwa nalo. Ndiponso ndakatulo zina zidaphiphiritsidwa kwambiri kotero kuti ngakhale ophunzira anzawo ankalephera kuzimasula. Nyimbo ya pamtondo imabisa dzina lokha, koma uthenga umamveka kwa mudzi wonse. Mkuluwiko ukazama kufikira wosaumva aliyense, wasiya kugwira ntchito yake.

Ena adaiona ngongole imeneyi nayamba kubweza. Gulu la zisudzo la Chancellor College Travelling Theatre, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, m'zaka za m'ma 1980 lidayamba kupita m'midzi kukachita masewero m'ziyankhulo za anthu eni, okhudza umoyo ndi mavuto ena a tsiku ndi tsiku, ndipo oonera ankaloledwa kuyankhapo. Mu 1981 Enoch Mvula adasonkhanitsa ndakatulo za m'Chichewa m'buku la Akoma Akagonera. Francis Moto, mphunzitsi wa pakoleji pomwepo, adalemba m'Chichewa, ndipo Benedicto Wokomaatani Malunga, amene adaphunzira pomwepo, adatchuka ndi ndakatulo zake za m'Chichewa, natanthauziranso buku la Chinua Achebe la Things Fall Apart, kulitcha Chipasupasu. Ntchito imeneyi njotamandika, koma poyerekeza ndi kuchuluka kwa zimene zidatengedwa kumudzi, zobwezedwazo zikadali zochepa.

Zinthu zidasintha ndi referendamu ya mu 1993 ndi chisankho cha mu 1994. Mu 2021 Chancellor College idasanduka Yunivesite ya Malawi payokha, ndipo lero kuli mayunivesite ena ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Thyolo. Wophunzira wa masiku ano angathe kulemba ndakatulo m'mawa, n'kuiika pa Facebook masana, osadikira chilolezo cha munthu. Ufulu umenewu udagulidwa ndi misozi, ndipo suyenera kupeputsidwa. Koma uli ndi msampha wake. Cholemba chimene sichinadutse m'manja mwa mnansi wotsina khutu chimatuluka chosapsa, ndipo anthu oyamikira pa foni sanena kuti mzere wachitatu ngwofooka. Komanso popeza tsopano chilichonse chinganenedwe poyera, alembi ena ayamba kuganiza kuti kukalipa ndiko kulakatula. Aiwala kuti mayi wa pamtondo sankaphiphiritsa chifukwa cha mantha okha. Ankadziwa kuti mau okulungidwa bwino amalowa mumtima ndi kukhalamo, pamene chipongwe chimathera m'khutu.

Tsono kwa ophunzira ndi aphunzitsi amene akumvera nkhaniyi, mbiri ya gulu lija ikusiya malangizo awiri. Loyamba n'lakuti olemba azikumana, anayi kapena asanu, m'chipinda chimodzi pa tsiku lodziwika, ndi kuwerengerana mokweza, mphunzitsi naye akubweretsa chake kuti chisendedwe. Zimenezi sizilira ndalama, ndipo sizifuna yunivesite yokha. Zingachitike pa sukulu ya sekondale, pa koleji ya aphunzitsi, ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Lachiwiri n'lakuti mlembi akapita kwawo pa tchuthi, atenge chimodzi mwa zolemba zake, achiike m'chiyankhulo cha makolo ake, ndi kuwawerengera madzulo anthu atatha kudya. Agogo akaseka pamene payenera kusekedwa, nakhala chete pamene pali chisoni, mlembiyo adziwe kuti wayamba kubweza ngongole. Akayamba kusinza, abwerere nacho akachikonze.