Yambani ndi ka app kowerengera zigubu

 Andipatsa mphindi zochepa kuti ndilankhule za kuphunzira kupanga ma app a pa foni, ndiye sindizungulira.

Wachinyamata akabwera kwa ine n'kunena kuti akufuna kuphunzira zimenezi, ndimamufunsa kuti akufuna apange chiyani. Ambiri amati akufuna app yonga WhatsApp, ena amati yotumizira ndalama ngati Mpamba. Maloto ndi abwino, koma ma app amenewo amapangidwa ndi magulu a akatswiri olipidwa, okhala ndi makompyuta amphamvu ndi magetsi osazima. Iwe ukayamba ndi zimenezo uli wekha, pa kompyuta yobwereka, pakatha masabata atatu umagwa ulesi n'kuyamba kuuza anzako kuti mutu wako sugwira. Chonsecho mutu ulibe vuto, wangosenza katundu wa anthu zana.

Muno mu Dzaleka nkhaniyi si yachilendo. Remy Gakwaya, mnzathu wochokera ku Burundi amene anayambitsa TakenoLAB, poyamba ankaphunzitsa ana kutaipa pa zithunzi za kiyibodi zosindikiza papepala chifukwa makompyuta anali osakwanira. Mu 2017 Microsoft ndi UNHCR anatsegula AppFactory mu kampu muno. Ndiye pasapezeke wina wonena kuti izi n'za ku Lilongwe kokha.

Ine ndimalangiza kuyambira pa MIT App Inventor. Ndi yaulere, anaiyambitsa ndi a Google mu 2010, ndipo pano ikusamalidwa ndi sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America. Simulemba mizere yaitali ya Chingerezi ayi. Mumakoka timabuloko n'kumatilumikiza ngati njerwa, ndipo kabuloko kosayenera pamalopo kamakana kulowa. Mumafunika kompyuta yokhala ndi intaneti ndi foni ya Android yoyeserapo. Anthu atatu akhoza kugwirizana foni imodzi.

Ka app koyamba kakhale kowerengera zigubu pa mjigo. Batani limodzi, nambala imodzi pa sikirini, basi. Ukadina batani, nambala ikwere ndi 1. Musakanyoze. M'kanthu kameneka muli mfundo ziwiri zimene zili mu app iliyonse padziko lapansi. Yoyamba, foni sichita kanthu mpaka china chake chichitike, ndipo kabuloko ka "when Button1.Click" tanthauzo lake n'lakuti "batani likadinidwa, chita ichi". Yachiwiri, nambala iyenera kukhala ndi posungira, kabokosi kamene akatswiri amakatcha variable. Zikatheka, onjezani batani lina lobwezera nambala pa 0. Madzulo amodzi akwana.

Kenako katsekeni n'kukatsegulanso. Mupeza kuti zigubu 37 zimene munawerenga zija zasowa, kabwerera pa 0. Ambiri apa amakhumudwa, koma ine ndi pamene ndimasangalala, chifukwa wophunzira wadzionera yekha kuti variable imaiwala app ikatsekedwa. Mankhwala ake ndi TinyDB, kachida kosunga zinthu m'foni momwemo popanda intaneti. Ndikanakuuzani za TinyDB tsiku loyamba mukanangogwedeza mutu n'kuiwala. Mukaifuna nokha chifukwa zigubu zanu zatayika, imakhazikika.

Kachiwiri ndi kamene ndimakakonda kwambiri: kowerengetsa ngongole ya banki m'khonde. Mayi alembe ndalama imene wabwereka, ka app kamuuze yobweza. Tinene kuti gulu linagwirizana chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse, ndiye wobwereka K10,000 abweze K12,000. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Phunziro lenileni limayamba mukapatsira foniyo amayi anu kapena azakhali anu, inu n'kukhala chete osawauza chodina. Mwina adina batani asanalembe kanthu, ka app n'kutulutsa uthenga wa Chingerezi woopseza. Mwina alemba "10,000" ndi kamchira kapakati kaja, foni n'kukana kuti imeneyo si nambala. Mwinanso anena kuti zilembo zachepa, sakuona. Zonsezi zili ndi pokonzera: pali kabuloko ka "is number?" kofufuza zimene munthu walemba, pali pochonga pakuti NumbersOnly, ndipo zilembo mukhoza kuzikulitsa. Wopanga ma app weniweni nthawi yake yambiri imathera pa zoterezi. Azakhali anu akakwanitsa kukagwiritsa ntchito okha mosafunsa, pamenepo ndiye kuti katha.

Apa ndichenjeze chinthu chimodzi, ndipo makolo mundithandize kukumbutsa ana. Poyeserera musalembemo maina enieni a anthu, manambala a makadi olandirira chakudya, kapena ngongole zenizeni za mamembala a gulu. Foni zimabedwa, zimabwerekedwa, zimagulitsidwa. Tonse tikudziwa kuti muno muli anthu amene dzina lawo likafika m'manja olakwika moyo wawo ukhala pachiswe. Pekani maina.

Kachitatu kakhale kabuku ka mawu. Mu kampu muno mwana mmodzi amamva Chiswahili kunyumba, Chichewa kumsika, Chingerezi kusukulu, agogo n'kumamukalipira m'Chirundi kapena m'Chinyarwanda. Sankhani mawu 20 ofunika kuchipatala, monga mutu, malungo, chifuwa, kutsekula m'mimba, muwaike m'zinenero ziwiri kapena zitatu. Muphunzirapo kusanja zinthu m'ndandanda ndi kuzifufuza. Kameneka mukhoza kukasandutsa fayilo ya APK n'kugawira mnansi wanu pa Bluetooth, osaononga bandulo.

Ena mwandifunsa kale za Kotlin ndi Android Studio. N'zoona kuti ntchito zolipidwa zambiri zimafuna zimenezo, ndipo kuyambira 2019 a Google amalimbikitsa Kotlin popanga ma app a Android. Koma Android Studio imafuna kompyuta ya 8 GB RAM kapena kuposa apo, ndipo kuti muike app pa Play Store mumalipira madola 25 polembetsa. Zimenezo zidikire. Mukadzafikako mudzapeza batani, variable ndi ndandanda zomwe zija, zitangovala zovala zina.

Sindikulonjezani ntchito. Wina akabwera n'kunena kuti mum'patse ndalama ndipo pakatha mwezi mukhala mukulandira madola, m'funseni akuonetseni app imene anapanga yekha.

Amene mukufuna kuyamba, musadikire kompyuta. Tengani pepala, jambulani sikirini ya foni, ikanipo batani ndi nambala, ndipo pansi pake mulembe m'chinenero chanu zimene zichitike munthu akadina. Atsikana, pepala limeneli ndikulifuna kwa inunso, chifukwa pa mjigo ndi pa banki m'khonde odziwa bwino mavuto ake ndinu. Mubwere nalo tikakumananso.