Linux ya pa kompyuta yathu ikhale yokhazikika



Nkhani yanga ndi ya kompyuta imene timakonzera mau tisanawapereke ku wailesi ku Ulónguè. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inatseka chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10, ndipo makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11. Ndiye ena mwa inu mukuti tiike Linux, poti ndi yaulere. Ndikuvomereza. Koma Linux ilipo mitundumitundu ngati mbewu ya mbatatesi, ndipo mlimi wa ku Dómuè sadzala munda wonse ndi mbewu imene sanaione ikubereka.

Ilipo ina monga Arch, imene imalandira zatsopano pafupifupi tsiku lililonse. Anyamata athu amaikonda, eya, kwa wofuna kuphunzira ndi yabwino ndithu. Koma lero update yalowa, mawa Audacity sikumvanso maikolofoni, mau a gogo amene munawayendera pa njinga ali phee m'kompyuta, pulogalamu yagona. Nanga omvera tidzawauza chiyani?

Mu Marichi 2024 kunapezeka kuti munthu wina anabisa khomo lolowera mbala mu kapulogalamu kotchedwa xz. Kanali katalowa kale mu Fedora Rawhide ndi mu Debian yoyesera, koma mu Debian yokhazikika, ija amati stable, kanali kasanafike. Kuchedwa kuja n'kumene kunawapulumutsa.

Choncho ine ndikuti tisankhe Debian stable kapena Ubuntu yolembedwa LTS. Ya LTS imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo amaisamalira zaka 5; Ubuntu 24.04 ifika mpaka 2029. Ubuntu yopanda LTS amangoisamalira miyezi 9 basi. Chenjeraninso, Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 siikidwanso pa makompyuta akalekale a 32-bit, ndiye tiyambe taona kaye kuti yathuyi ndi yotani.

Sindikunena kuti tisamachite update, ayi, zachitetezo zizilowa. Vuto ndi nthawi yake. M'dzinja muno magetsi amathima kukangogunda bingu, ndipo akathima update ili pakati, kompyuta itha kukana kudzuka. Tizichita tsiku loti palibe pulogalamu, mamega ali okwanira, mau onse titawasunga kale pa fulashi. Ndipo mawu achinsinsi olowera monga mwini kompyuta asunge anthu awiri okha, amene tisankhe lero lomwe tisanabalalike.