Mphindi Khumi pa Siteshoni ya North Platte



Ndathokoza pondiitana kuti ndidzatsegulire chionetsero cha zithunzi ichi. Zithunzi zili pakhomazi zachokera kutali, ku tauni ya North Platte m'chigawo cha Nebraska ku America. Ndisanadule riboni, ndiloleni ndikambepo za malowo kuti mukamaziona mudziwe chimene mukuona.

Kumeneko ndi kuchidikha cha udzu wokhawokha, mphepo yosapuma, mitengo ya apo ndi apo m'mbali mwa madzi. Tauniyi ili pafupi ndi pamene mitsinje ya North Platte ndi South Platte imakumana. Eni nthaka analipo kale: a Pawnee, a Lakota ndi a Cheyenne, amene ankadalira njati za m'chidikhamo. Ndayamba ndi iwo dala. Njanji itafika, njati zinaphedwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo anthuwo anakankhidwira m'malo ochepa amene boma linawadulira. Wotamanda njanji imeneyi asaiwale amene inawasamutsa.

Mu 1862 Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo loti kumangidwe njanji yolumikiza kum'mawa ndi kumadzulo kwa dzikolo. Kampani ya Union Pacific inayambira ku Omaha kulowera kumadzulo, ndipo injiniya wake wamkulu, Grenville Dodge, ndiye analoza malo a North Platte. Njanji inafikapo kumapeto kwa 1866, chisanu chitalimba, ogwira ntchito n'kumanga misasa pomwepo. Ambiri anali ochokera ku Ireland ndi asilikali otsala pa nkhondo yapachiweniweni. Pambuyo pawo panabwera ogulitsa mowa ndi a juga, moti m'miyezi yochepa pamalopo panali anthu masauzande okhala m'mahema. Mu 1867 ntchito itasunthira ku Julesburg, gulu lonselo linapasula mahema n'kutsatira, tauni n'kuphwa ngati msika dzuwa likalowa.

Matauni ambiri otere anafera pomwepo. North Platte inapulumuka chifukwa kampani inaikapo malo okonzerako mainjini ndi osinthirako oyendetsa sitima. Inu akuluakulu amene munapuma pa ntchito ya njanji mukudziwa tanthauzo lake: injini yamalasha imafuna madzi, malasha ndi mafuta, ndipo pamene imaima ndi pamene pamamera nyumba, sukulu ndi tchalitchi. Mwana wa m'tauni yomweyo, William Jeffers, analowa ntchito m'kampaniyo ali ndi zaka 14, n'kukwera mpaka kukhala mkulu wa Union Pacific yonse mu 1937.

Tsono mbali imene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi iyi. Pa 17 Disembala 1941, America itangolowa kumene nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, mphekesera inamveka yoti sitima yonyamula asilikali a ku Nebraska idutsa pa North Platte. Makolo, akazi ndi abale anathamangira kusiteshoni atanyamula makeke ndi mphatso. Sitima inafikadi, koma munali anyamata a ku Kansas, osadziwika kwa aliyense. Anthu anangoti kakasi. Kenaka mtsikana wina, Rae Wilson, amene anabwera kudzaona mchimwene wake, anapereka zimene ananyamula kwa alendowo, enanso n'kutsatira. Atabwerera kunyumba analembera nyuzipepala ya m'tauniyo kupempha kuti zimenezi zizichitika pa sitima iliyonse ya asilikali. Jeffers anavomera kuti agwiritse ntchito chipinda chodyera cha pasiteshoni, ndipo pa tsiku la Khirisimasi chaka chomwecho ntchito inayamba.

Taganizirani: sitima inkaima mphindi khumi zokha, nthawi yoti injini imwe madzi. M'mphindi zimenezo anyamata mazanamazana ankatsika chothamanga n'kupeza masangweji, mazira owiritsa, khofi, mkaka ndi zipatso, zonse zaulere. Amene linali tsiku lake lobadwa ankalandira keke yathunthu. Izi zinachitika usana ndi usiku mpaka pa 1 Epulo 1946, ndipo asilikali oposa 6 miliyoni anadya pamenepo. Midzi ndi matauni pafupifupi 125 ankasinthana masiku, ena kuchokera kutali ndithu. Inali nthawi imene shuga, nyama ndi petulo zinkagulitsidwa mwa muyezo, choncho chimene amayiwa ankabweretsa chinali chochotsa pakamwa pa ana awo. Ine ndikamaona nkhope zawo pazithunzipa mtima umandigunda, chifukwa ena mwa iwo ankadyetsa ana a eni pomwe awo anali kunkhondo, ena atalandira kale uthenga wamaliro.

Koma siteshoni imeneyo simungaipezenso. Sitima za anthu zinasiya kuima pa North Platte mu 1971, ndipo mu 1973 nyumbayo inagwetsedwa. Ndinene mosabisa kuti kumeneko kunali kulakwa kwakukulu. Nyumba imene munadutsa anthu 6 miliyoni siinali ya kampani yokha. Chimene chinapulumutsa mbiriyi ndi zithunzi, makalata a asilikali ndi mabuku amene ankasainamo, zomwe anthu wamba anasunga.

Njanji yokha ikadalipo, ndipo inakula. Bailey Yard, malo osankhirako mabogi a katundu, ndi aakulu kuposa ena onse padziko lapansi: kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 13, ndipo mabogi masauzande amadutsapo tsiku lililonse. Bogi amaikankhira pakachitunda, n'kuisiya itsetsereke yokha kulowa m'njanji ya kumene ikupita. Mu 2008 anatsegula nsanja ya Golden Spike Tower kuti alendo azionera ntchitoyi ali pamwamba. Tauniyo lero ili ndi anthu pafupifupi 23,000, ndipo mabanja ambiri amadyabe za njanji.

Ophunzira inu, mukatha kuona zithunzizi musathamangire kunyumba. Akuluakulu akhala kutsogolowa anagwira ntchito pa Limbe, pa Balaka ndi pa Salima. Khalani nawo pansi ndi kope ndi cholembera, muwafunse za masiteshoni awo lero lomwe.

Wapampando, ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa.