MALINGA A KASUNGU: MAU OYANKHULIDWA PA MSONKHANO WA OPHUNZIRA AKALE



Tili m'kalasi tinaloweza za malinga amiyala amene mafumu a ku England anamanga m'malire mwawo ndi Wales, ndipo mayeso tinakhoza. Koma palibe amene anatiuza kuti nafenso kuno ku Kasungu tinali ndi malinga athu. Nkhani yanga lero yagona pamenepo.

Kale dziko la Mfumu Mwase linali pakati pa anansi amphamvu. Kumpoto kunali Angoni a M'mbelwa, kumadzulo Angoni a Mpezeni, pamene kum'mawa kunali Jumbe wa ku Nkhotakota, wamalonda a minyanga ndi akapolo. Tsono makolo athu anayamba kukhala m'malinga. Ankazika mitengo mothinana kuzungulira mudzi wonse ndi kubzala nkhadze, imene utomoni wake umapweteka maso. Ena ankakumba ngalande ndi kuunda chiunda cha dothi. Nkhokwe ndi ng'ombe zinkakhala m'kati, ndipo kukada chipata chinkatsekedwa.

M'chaka cha 1863 David Livingstone anafika kwa Mwase kuchokera ku Nkhotakota. Anapeza mudzi wa mfumuyo uli mu linga, pafupi ndi phiri la Kasungu, utazingidwa ndi nkhadze zazitali kwambiri. Mwase anali ndi mfuti, ndipo ndi mfutizo anabweza nkhondo ya Angoni. Baza Dokowe atagonja kwa Angoni pa phiri la Hora cha m'ma 1880, anathawira kuno. Koma tisabise mau. Mfutizo zinkagulidwa ndi minyanga, ndipo njira imene inkabweretsa mfuti ndi yomweyo imene inkapititsa akapolo kunyanja.

Linga limene linakanika Angoni silinapirire nkhondo ya Azungu. Kumapeto kwa chaka cha 1895, m'nthawi ya Harry Johnston, asilikali otsogozedwa ndi Edward Alston pamodzi ndi Alfred Swann anathira nkhondo Mwase Chibisa. Mfumuyo inadzipha m'malo moti igwidwe. Azungu anamanga linga lawolawo ndi kulitcha Fort Alston. Dzinali linapatsidwanso kwa nkhalango ya kumalire ndi Zambia imene boma linaipatula mu 1922, ndipo nkhalangoyo ndi imene inasanduka Kasungu National Park mu 1970. M'menemo muli mabwinja a midzi yamalinga ndiponso ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo. Zinapulumuka kaamba koti m'nkhalangomo simulowa khasu.

Nanga kunja kwa nkhalango? Ndili mnyamata, agogo anga aamuna ananditengera pa bwinja lina kufupi ndi kwathu. Anandionetsa chiunda chofika m'chiuno, pamene panali chipata, ndi mapale a miphika. Anati amayi awo anabadwira m'menemo. Chaka chatha ndinapita ndi mdzukulu wanga kuti naye akaone. Tinazungulira mpaka dzuwa kupendeka. Chiunda anachisalaza ndi thirakitala, nkhadze anazidula, ponseponse pali mizere ya fodya ndi zigafa. Mwanayo anandifunsa kuti, "Agogo, kodi simunasokere?" Ndinasowa chomuyankha.

Sindikunyoza fodya ayi. Ambiri a ife fizi yathu inachokera m'zigafa, ine ndemwe. Wolima pa malo aja sanalakwe dala, chifukwa palibe amene anamuuza kuti pamenepo panali mudzi. Olakwa ndife amene tinkadziwa koma tinakhala chete.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, aliyense akapita kumudzi akafunse akuluakulu ndi anyakwawa kumene kunali malinga, alembe dzina la malo ndi la mfumu yake, atumize kwa mlembi wathu. Mau a akuluakulu akoma akagonera, koma eni ake sadikira. Chachiwiri, tikapeza bwinja limene likadaoneka, tikambirane mwaulemu ndi mfumu pamodzi ndi mwini munda kuti khasu lizilambalala pamenepo. Chachitatu, tisonkhe ndalama za galimoto kuti ana a Fomu 2 akaone okha mabwinja ndi ng'anjo za m'nkhalango ija chilimwe chikubwerachi. Yanga ndapereka kale kwa msungichuma.

A Wapampando, nthawi yandithera.